A Nagama Aphunzira Kuona Malo

Mu ufumu wa Zilibwino munthu sayenda chabe. Ukaona wina wanyamula chikwama, dziwa kuti kwinakwake kwagwa maliro, kapena kuli ukwati, kapena wachibale wagonekedwa m'chipatala. Zoti munthu wamkulu, wa mano ake onse, angakwere basi tsiku lathunthu kuti akangoyang'ana phiri kenako n'kubwerera, anthu akumeneko amaziika m'gulu limodzi ndi kuyankhula wekha pamsewu. M'dziko lonselo munali munthu mmodzi yekha woyenda kukaona malo, ndipo anali mwini dziko, Mfumu Yaikulu Chiyendayekha Wachiwiri. Mkuluyu ankadziwa mayina a mathithi a m'maiko asanu ndi awiri, koma mlatho wa kuseri kwa nyumba yake yachifumu utakokoloka anamva patatha zaka ziwiri.

Vuto linachokera ku Kwaeni, ufumu wolemera wa kutsidya kwa nyanja yamchere, kumene ana ambiri a ku Zilibwino anapita kukagwira ntchito zimene eni dziko amanyansidwa nazo. Koma tsopano kulowa ku Kwaeni kunayamba kufuna viza, ndipo ya munthu wamba inali ya mtundu umodzi basi: ya mlendo wokaona malo. Ya maliro kunalibe, ya matenda kunalibe. Chaka china kazembe wa Kwaeni anatulutsa lipoti loti mwa anthu chikwi a ku Zilibwino amene anapempha viza, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anapatsidwa, chifukwa "palibe umboni woti munthu wanzeru zake angabwerere kudziko limenelo."

Mfumu inawerenga mawuwa ili mu ndege, pochokera kukaona akasupe a madzi otentha. Itangotera inaitanitsa nduna zake zonse makumi anayi, kuphatikizapo Nduna ya Mvula ndi Nduna ya Mitambo, zimene sizinkayankhulana chifukwa cholimbirana ntchito.

"Anditukwana," inatero Mfumu. "Akuti munthu akachoka m'dziko langa sangabwerere. Nanga ine sindibwerera? Chaka chino chokha ndachoka kakhumi ndi kanayi, ndipo ndabwerera kakhumi ndi kanayi!"

Nduna zinaomba m'manja mpaka zikhatho kutentha. Ya Mitambo inagwetsa ndi misozi yomwe, ndipo ya Mvula itaona kuti yapitiriridwa inayamba kusisima mokweza.

Kenako anaimirira a Chikutumbwe, Nduna ya Ulemu wa Dziko, munthu amene ankavala magalasi akuda ngakhale kumanda. "Wamkulukulu," anatero, "dziko lilibe vuto. Vuto ndi anthu anuwa. Sadziwa kuona malo. Munthu amafika kwa kazembe, akamufunsa kuti ukukatani ku Kwaeni, iye amvekere, 'Mlamu wanga watupa miyendo.' Mlamu ndi malo oti n'kuonedwa? Akutichititsa manyazi. Tiwaphunzitse."

Tsiku lomwelo wailesi ya ufumu inalengeza lamulo. Aliyense wofuna viza ayambe wakhala masabata awiri pa Sukulu ya Oona Malo. Pasipoti iliyonse izipita kwa kazembe kudzera ku Unduna wa Ulemu wa Dziko, ndipo pobwera izidzeranso komweko, kuti akaione ngati sinadetsedwe. Mawu oti "kuthawa" analetsedwa, ndipo m'malo mwake anthu azinena kuti "kuona malo kwa nthawi yaitali."

Pa msika wa Ingoonani anthu anamva lamuloli pa wailesi ya a Kamtedza, osoka nsapato, amene sanadzutse n'komwe mutu pa ntchito yawo.

"Achimwene anga akhala akuona malo ku Kwaeni zaka khumi ndi zisanu," anatero. "Malowo ayenera kuti ndi aakulu ndithu."

"Ife tatha zaka zingati tikuona nyama pa butchala apo osaigula?" anatero Abiti Sumani, ogulitsa nsomba zouma. "Atipatse satifiketi basi, sukuluyo tinamaliza kale."

Onse anaseka, kupatula a Nagama. A Nagama anali telala, ndipo makina awo opondaponda ankakhala pakhonde la golosale, pakati pa nsapato za a Kamtedza ndi nsomba za Abiti Sumani. Anali ndi mwana mmodzi yekha padziko lapansi, Tisungane, amene anatsatira mwamuna wake ku Kwaeni zaka zitatu zapitazo. Mwamunayo ankayendetsa malole ndipo pakhomo ankaoneka kamodzi pa masabata atatu. Tsopano Tisungane anali ndi pakati, mimba yoyamba, ndipo kunatsala masabata asanu ndi awiri.

Ku Zilibwino mwana wamkazi akachira mimba yoyamba, mayi ake ndiwo amakhala naye m'chikuta. Ndiwo amamuthowa ndi madzi otentha, kumuphikira phala, kusambitsa khanda tsiku ndi tsiku mpaka mchombo utagwa, kenako n'kulitulutsa panja kuti lione dzuwa. A Nagama anali atasambitsa makanda a theka la msika wa Ingoonani, ena mwa iwo tsopano ali ndi ndevu. Zoti mdzukulu wawo woyamba akasambitsidwe ndi mtsikana wosadziwa kanthu, ali yekhayekha m'nyumba yozizira, iwo sakanazilola. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. M'mawa mwake anafunditsa makina ndi chitenje n'kukalembetsa sukulu.

Sukuluyo inali m'nyumba yakale yosungiramo thonje. Mphunzitsi anali mlamu wa a Chikutumbwe, amene anapatsidwa ntchitoyo chifukwa nthawi ina ananyamulako sutikesi ya Mfumu mpaka pa bwalo la ndege. Ophunzira onse, agogo ndi abusa omwe, anavekedwa makabudula ndi zipewa za khonde lalikulu, ndipo m'khosi anawapachika makamera osema ndi mtengo. A Nagama anavala kabudulayo, koma pamwamba anamangapo chitenje, ndipo mphunzitsi atadandaula anamuyang'ana kamodzi kokha, nkhani n'kuthera pomwepo.

Sabata yoyamba anaphunzira kuima patsogolo pa chulu cha kuseri kwa sukulu, kuchiloza ndi chala, n'kunena kuti "Zodabwitsa!" Wonena mosasangalala ankabwereza. Anaphunzira kuyenda mtunda wautali opanda katundu pamutu, zimene zinachititsa amayi angapo chizungulire. Anaphunzira kufunsa kuti "Kodi khoma ili linamangidwa liti?" ndi kumvetsera yankho ngati kuti likuwathandiza kanthu. Phunziro limene linagwetsa ambiri linali la kulawa chakudya n'kuchisiya m'mbale. Bambo wina wa ku Mapiri a Njala analephera kasanu, ndipo ulendo wachisanu ndi chimodzi anadya ndi cha mnzake chomwe.

Tsiku lomaliza kunabwera a Chikutumbwe eni ake, poti kunali atolankhani. Analemba pa bolodi mayankho atatu. Mukukatani ku Kwaeni? Kukaona malo. Mukagwirako ntchito? Ayi. Muli ndi wachibale kumeneko? Ayi.

A Nagama anakweza dzanja. "Pepani bwana Nduna. Kusambitsa mdzukulu ndi ntchito?"

"Ku Kwaeni ndi ntchito, mayi. Kuli anthu ake olembedwa. Inu mukasambitsa ndiye kuti mwawalanda chakudya pakamwa."

"Chabwino. Nanga funso lachitatulo? Ine ndili ndi mwana kumeneko."

"Kuyambira lero mulibe. Wokhala ndi wachibale amamukayikira kuti akakhalira konko."

"Mwanayo ali ndi pakati, bwana."

"Ndiye kuti mulibe awiri," anatero a Chikutumbwe, ndipo anatembenukira kwa atolankhani kuti awajambule akumwetulira.

A Nagama anabwerera kumsika masana amenewo n'kukhala pa mpando wa makina osawavundukula. Abiti Sumani anasiya nsomba zawo n'kudzakhala pambali.

"Anzanga, kabudula ndavala," anatero a Nagama. "Chulu ndachiyamikira. Koma munthu wapakati ali pakati pa moyo ndi imfa. Kwathu sitimutchula n'komwe mwachisawawa. Ndiye ine mayi wake ndikaime pagulu ndinene ndi pakamwa pangapa kuti ndilibe mwana? Mawu amenewo akatuluka amapita kuti?"

"Amathera pa galasi la kazembeyo," anatero Abiti Sumani. "Akuti galasi lake ndi lochindikala, ngakhale chipolopolo sichidutsa. Mulungu amadziwa bodza la njala, a Nagama. Inu kaneneni, mukatuluka mudzalavule, mukakwere ndege. Mwanayo akufuna manja anu."

Tsiku lokaonekera kwa kazembe a Nagama anaima pamzere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kufika paliwombo. Alonda a pachipata anali ana a ku Zilibwino komweko, koma yunifolomu ya Kwaeni inawaiwalitsa moni, moti ankakalipira azimayi a msinkhu wa amayi awo ngati akuthamangitsa mbuzi m'munda. M'kati munali mozizira ndi mwa zii. Kuseri kwa galasi kunakhala bambo wa ku Kwaeni, waulemu wake, amene anaphunzira chiyankhulo cha ku Zilibwino m'buku.

"Mukukatani ku Kwaeni, mayi?"

"Kukaona malo."

"Malo ati?"

"Mathithi a Chifunga, Nsanja ya Mawotchi, ndi nyumba yosungiramo mipando ya mafumu akale."

"Chifukwa chiyani mipando?"

"Ndimakonda mipando, bambo. Kuyambira ndili mwana."

Bamboyo anagwedeza mutu mokhutira n'kulemba. Za ntchito a Nagama anayankha kuti ayi mosavuta. Kenako funso lachitatu linafika.

"Muli ndi wachibale ku Kwaeni?"

"Ayi."

"Ndi mmodzi yemwe? Mlongo, msuweni, mwana?"

Akanati angofunsa kamodzi bwenzi zili bwino, koma bamboyo anachita kutchula. A Nagama anayang'ana galasilo kuti aone ngati linalidi lochindikala monga ananenera Abiti Sumani, ndipo anaona timabowo ting'onoting'ono tobooledwa pakati kuti mawu azidutsa.

"Ndilibe mwana ku Kwaeni," anatero.

Atatuluka analavula katatu paseri pa mpanda, mlonda n'kuwakalipira kuti akuipitsa nthaka ya eni. Anayenda mpaka kunyumba osakwera minibasi, akudzida okha njira yonse, ndipo tsiku limenelo foni yochokera kwa Tisungane inalira kawiri koma iwo analephera kuiyankha chifukwa cha manyazi.

Patatha sabata, chozizwitsa chinachitika. Kazembe wa Kwaeni anadinda viza mu pasipoti ya a Nagama: masiku makumi atatu, kuyambira Lolemba lotsatira. Mwa ophunzira onse a Sukulu ya Oona Malo, amene anapatsidwa anali iwo okha. Ena akuti bambo wa kuseri kwa galasi uja nayenso ankakonda mipando. Masikuwo anagwera bwinobwino pa nthawi ya Tisungane. A Nagama anavina pakhonde la golosale, mpongozi wawo, mwamuna wa Tisungane, anatumiza tikiti ya ndege, ndipo chikwama chinalongedzedwa zitenje zisanu ndi tizovala takhanda tosokedwa pa makina omwe aja.

Koma pasipoti, monga mwa lamulo, inabwerera kudzera ku Unduna wa Ulemu wa Dziko. A Chikutumbwe ataona chidindocho anachotsa magalasi akuda koyamba m'zaka khumi. "Viza yoyamba m'mbiri ya ufumu!" anafuula. "Imeneyi singaperekedwe pawindo ngati kalata ya msonkho wa njinga. Apereka ndi Wamkulukulu ndi manja ake, pamaso pa dziko lonse."

Wamkulukuluyo anali ku Kwaeni, kukaona Mathithi a Chifunga.

A Nagama ankafika ku undunako tsiku lililonse ofesi isanatsegulidwe. Kalaliki wa pawindo, amene ankawerenga nyuzipepala ya dzana, ankawayankha osawayang'ana. "Kuona maso a nkhono n'kudekha, mayi."

"Ine sindikufuna maso a nkhono, bambo. Ndikufuna pasipoti yanga."

"Ili m'kabati ya galasi. Mukafuna mutha kulowa kukaiona. Ana asukulu akubwera kudzaiona Lachinayi."

Analowadi tsiku lina. Pasipoti yawo inali itatsegulidwa pa tsamba la viza, yagonekedwa pa kansalu kofiira, ndipo pambali panaima msilikali ndi mfuti. Masiku a viza anali atayamba kale kutha, asanu atapita.

Tsiku lakhumi ndi chiwiri mpongozi anaimba foni ali pamsewu ndi lole yake: Tisungane wachira, mwana wamkazi, onse ali bwino. A Nagama anagwada pansi pomwe anaimapo kuthokoza Mulungu kuti mawu aja sanamufike mwana wawo. Atadzuka anathamangira ku unduna n'kukagwadanso kutsogolo kwa galimoto ya a Chikutumbwe pamene inkatuluka pachipata. Nduna inatsitsa galasi pang'ono, mpata wongokwana mphuno.

"Bwana, mwana wanga wachira. Ali yekha. Ndibwerekeni pasipotiyo, ndikabwera ndidzakubwezerani muchite nayo mwambo wanu."

"Mwana wake uti, mayi? M'mapepala athu mulibe mwana." A Chikutumbwe anamwetulira. "Inu tsopano si munthu wamba, ndinu chuma cha dziko. Chuma sichingotuluka chisawawa." Galasi linakwera.

Mfumu inabwera tsiku la makumi awiri. Inapuma masiku anayi chifukwa kuona mathithi n'kotopetsa. Kenako kunapezeka kuti nsalu ya mwambowo, yokhala ndi nkhope ya Mfumu pakati ndi chidindo cha viza m'mbali monse, inatuluka mphuno itapotoka, ndiye inabwezedwa kufakitale. Kenako Nduna ya Mvula ndi Nduna ya Mitambo zinakangana za tsiku limene kudzakhale kowala. Mwambo unachitika tsiku la makumi atatu ndi limodzi.

Bwalo la Zikomo linadzaza, poti misika yonse inatsekedwa ndipo osabwera ankalembedwa mayina. Amayi ovala nsalu ya mphuno yowongoka anavina kuyambira m'mawa. Apolisi anaguba, ana asukulu anakomoka ndi dzuwa, ophunzira a Sukulu ya Oona Malo anadutsa ndi makabudula awo akuloza Mfumu n'kumati "Zodabwitsa!" A Nagama anaimikidwa pa nsanja atavekedwa chipewa cha khonde lalikulu. Iwo ankadziwa kuwerenga masiku, ndipo nkhope yawo inali youma gwa.

Mfumu inatenga pasipoti pa kansalu kofiira n'kuikweza m'mwamba. Mlembi wake anasuzumira pa tsambalo, anatuwa, n'kunong'oneza kukhutu kwa mbuye wake. Aliyense amene anali pafupi anaganiza kuti lero a Chikutumbwe aona zakuda. Koma munthu salamulira dziko zaka makumi awiri ndi zisanu osaphunzira kuphika manyazi kuti akhale ndiwo.

"Anthu anga!" inafuula Mfumu. "A ku Kwaeni anati munthu wa kuno akachoka sangabwerere. Onani yankho lathu! Mayi uyu anamutsegulira chitseko masiku makumi atatu. Tikiti anali nayo. Chikwama anamanga. Koma atayang'ana dziko lake, mapiri ake, Mfumu yake, miyendo inakana! Ife sitingobwerera chabe, ife sitichoka n'komwe!"

Nthungululu zinamveka mpaka kutsidya kwa mlatho wokokoloka uja. A Nagama anavekedwa mendulo ya Nzika Yokhutira, ndipo kunalengezedwa kuti pasipotiyo isungidwa m'nyumba ya mbiri ya dziko kuti mibadwo ikubwerayo idzaphunzirepo.

"Mwamva, Abiti?" anatero a Kamtedza kumbuyo kwa khamulo. "Mbuzi yomangidwa pachikhomo aipatsa mendulo chifukwa chokonda chikhomo."

"Ombani m'manja, bambo inu," anayankha Abiti Sumani. "Wolemba mayina uja akuyang'ana kuno."

Madzulo dzuwa lisanalowe a Nagama anafika pakhonde la golosale. Msika unali wopanda anthu. Anavula chipewa ndi mendulo n'kuziika pansi, anakhala pa mpando wa makina, n'kuimba foni yoonana nkhope. Masiku onsewa ankangouza Tisungane kuti mawa, mawa, ndipo lero analibenso mawa woti amupatse.

Tisungane anaoneka atakhala pa bedi, wanenepako kumaso. Anamvetsera nkhani yonse mpaka kumapeto.

"Amayi, musalire," anatero. "Ndinkakudikirani, inde, masiku oyambawo ndinkalira ndekha. Koma khomo loyandikana nafe kuli mayi ena achikulire, a Ludimila. Nawonso ndi obwera, ana awo anatsala kwawo. Anandimva ndikulira kudzera pakhoma, anagogoda. Zakwathu sazidziwa, koma ndinkawauza zimene ndinkaona inu mukuchita. Anandithowa. Phala lawo ndi lamadzimadzi koma ndinkamwa. Mwana akumusambitsa ndi iwowo, mchombo unagwa bwinobwino, ndipo Lamulungu lapitali anatitulutsa panja."

"Anayesa madzi ndi chigongono?"

"Anayesa, amayi."

"Dzina mwamupatsa?"

Tisungane anayang'ana pansi. "Kuchipatala kuno salola kudikira. Tamutcha Ludimila."

A Nagama anayesa kulitchula dzinalo chamumtima, lilime n'kupunthwa pakati. Anafuna kukwiya, koma anasowa womukwiyira pakati pa mwana wawo ndi mayi amene anagogoda pakhomo. Nsanje inawaluma mumtima, ndipo anachita nayo manyazi.

Pamenepo khanda linayamba kulira penapake kumbali, kumene foni sinkaonetsa. Tisungane anatembenuka n'kuitana chakukhitchini. "Amayi, tamunyamuleni, ndikuyankhula pafoni."

Pa galasi la foniyo panatulukira manja awiri a makwinya, onyowa ndi madzi otsukira mbale. Anadzipukuta pa epuloni, anawerama, n'kudzutsa kamwana kofiirira kovala zogula m'sitolo. Kulira kunaleka nthawi yomweyo.

A Nagama anasendeza foni pafupi ndi maso. "Uwauze agwirize khosi," anatero.

Koma anali ataligwiriza kale, ndipo analigwiriza bwino.